Mafunso a Owerenga: Mliri wa Makoswe wa 1346 mpaka 1353 Unafala Bwanji, Nanga Unapha Anthu Ochuluka Chotere Chifukwa Chiyani?

Makalata ambiri a mwezi uno akhudza mliri umene unasesa Ulaya, Middle East ndi kumpoto kwa Africa m'zaka za m'ma 1300. Azungu amautchula kuti Black Death. Ife tiziutchula kuti mliri wa makoswe, ngakhale kuti khoswe sanali yekha pa mlanduwu. Tasankha makalata asanu, ndipo ena tawafupikitsa.

Funso lochokera kwa mphunzitsi wa sekondale, Dedza: Buku lathu la mbiri yakale limangoti mliriwu unapha munthu mmodzi mwa atatu alionse ku Ulaya. Ana akandifunsa kuti matenda anayenda bwanji mtunda wonsewo kulibe galimoto kapena ndege, ndimasowa poyambira.

Yankho: Aphunzitsi, yambani ndi tirigu. Kumene kunkapita chakudya, nakonso mliri unkafika.

Matendawa amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Yersinia pestis, amene anadzadziwika mochedwa kwambiri, mu 1894, pamene dokotala Alexandre Yersin anamupeza m'zotupa za odwala ku Hong Kong. Kwawo kwa bakiteriyayu ndi m'mauna a nyama zakutchire za mtundu wa mbewa, ndipo nthata ndizo zimamuchotsa pa nyama ina n'kumusiya pa inzake. Pafupi ndi nyanja ya Issyk-Kul, m'dziko limene lero ndi Kyrgyzstan, pali manda akale amene miyala yake ikuonetsa kuti mu 1338 ndi 1339 anthu anafa mochuluka modabwitsa, ndipo pa miyala ina analembapo kuti wapita ndi mliri. Mu 2022 akatswiri analengeza kuti apeza DNA, kapena kuti chizindikiro cha chibadwa, ya bakiteriyayu m'mano a ena mwa oikidwa m'mandamo, ndipo mtundu wake ndi kholo la umene unadzapulula anthu ku Ulaya.

Pofika 1346 mliri unali kumpoto kwa nyanja ya Black Sea. Kumeneko kunali doko la Kaffa, lomwe lero ndi Feodosia ku Crimea. Linali m'manja mwa amalonda a ku Genoa, ndipo asilikali a mfumu ya Amongolo, Jani Beg, anali atalizinga. Mabuku ambiri amasimba kuti asilikaliwo ankaponyera mitembo m'kati mwa mpanda. Nkhani imeneyi muisimbe mosamala, pakuti amene anailemba anali ku Italy, sanaone ndi maso. Komanso nthata sizikhalitsa pa mtembo wozizira. Chodziwika bwino n'chakuti nkhondo itatha mu 1347 malonda a tirigu anayambiranso, ndipo zombo zinanyamuka zitadzaza.

Tsatirani masiku ake. Mzinda wa Constantinople, umene lero ndi Istanbul ku Turkey, unagwidwa m'chaka chomwecho cha 1347. Mu Okutobala zombo za ku Genoa zinakocheza ku Messina pa chilumba cha Sicily zili ndi amalinyero odwala. Chaka chisanathe mliri unali ku Alexandria ndi ku Marseille. Kumayambiriro kwa 1348 unalowa ku Genoa, Venice ndi Avignon, kenako Florence. M'miyezi yapakati pa chakacho unali ku Paris, Damascus ndi Tunis, ndipo mu Juni unatsikira ku England pa doko laling'ono la Melcombe Regis. Mu 1349 unafika ku Bergen m'dziko la Norway ndi ku Mecca, ndipo mu 1353 unapha mfumu Simeon ku Moscow. Ana ajambule mapu, alembepo masiku amenewa. Adzaona okha kuti madoko ndiwo ankayamba, kenako matenda n'kukwera ndi mitsinje ndi misewu ya malonda. Akatswiri ena amayerekezera kuti panyanja mliri unkayenda makilomita pafupifupi 40 pa tsiku, pamene pamtunda unkangoyenda makilomita 2 kapena kucheperapo.

Tsopano nali funso limene mwana wanzeru adzafunse: bwanji osangotseka doko? Ena anatsekadi. A ku Messina anathamangitsa zombo zija, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Chifukwa chake chili m'thupi la nthata ndi m'kawerengedwe ka masiku.

Nthata ya khoswe ikayamwa magazi a khoswe wodwala, mabakiteriya amaswana n'kuundana pakhomo la mimba yake mpaka kutsekapo. Ikaluma, magazi amalephera kutsika, amabwerera m'chilonda atatenga mabakiteriya. Nthatayo imakhalabe ndi njala, choncho imaluma mobwerezabwereza. Malinga ngati makoswe alipo, nthata zotere sizilabada za munthu. Ndiye taonani zimene zimachitika chombo chikakocheza. Makoswe a m'chombo ndi nthata za m'matumba zimasakanikirana ndi makoswe a m'nyumba zosungiramo katundu. Pamatenga masiku 10 mpaka 14 kuti makoswe a pamalopo afe ambiri, ndipo amafera m'mauna ndi kudenga kumene palibe akuwaona. Nthata zotsala zimapirira njala masiku ngati atatu, kenako n'kutembenukira kwa anthu. Wolumidwa amatha masiku 3 mpaka 5 asanamve kanthu, n'kudwala masiku enanso 3 mpaka 5. Mukaphatikiza, maliro oyamba ankachitika patapita pafupifupi milungu itatu chifikireni mliri, ndipo mumzinda waukulu pankapita milungu inanso anthu asanazindikire kuti maliro achuluka mosayenera. Nthawi yonseyo chombo chija chinali chitapita kale ku doko lina, ngolo za tirigu zitalowa m'midzi, mitolo ya nsalu itagulitsidwa. Nthata imatha kukhala milungu ingapo m'zinyalala za tirigu kapena m'mitolo ya ubweya popanda khoswe, makamaka pamalo ozizira ndi achinyontho.

Ndipo anthu akazindikira, ankathawa. Wothawa ankanyamula zofunda, zovala ndi kamba wa paulendo, ena matenda ali kale m'magazi. Midzi yambiri imene chombo sichikanafikako inalandira mliri kuchokera kwa abale awo omwe.

Funso lochokera kwa wophunzira unamwino, Zomba: Matenda ena amafala kwambiri koma sapha ambiri. Uwu unatha bwanji kuchita zonse ziwiri?

Yankho: Anamwino athu a mawa, bakiteriya mmodzi yemweyu amadwalitsa m'njira zitatu, ndipo kusiyanitsa njirazi ndiko kumvetsa nkhani yonse.

Njira yofala kwambiri ndi ya mwanabere. Nthata ikaluma pamwendo, mabakiteriya amakwera mpaka m'mphechepeche. Ikaluma padzanja amakaima m'khwapa, ikaluma kumutu amakaima m'khosi. Pamenepo pamatupa, nthawi zina mpaka kukula ngati dzira, ndipo pamapweteka koopsa. Thupi limatentha mwadzidzidzi, mutu kuwawa, kuzizidwa. Popanda mankhwala, odwala 30 mpaka 60 pa 100 alionse amafa. Njira yachiwiri ndi pamene mabakiteriya adzaza m'magazi. Magazi amaundana m'timitsempha ting'onoting'ono, zala ndi mphuno zimada, ndipo munthu amatha kufa mwanabere asanatuluke n'komwe. Yachitatu ndi ya m'mapapo, yonga chibayo. Iyi sifunanso nthata: wodwala akatsokomola, amene wamuyandikira amapuma timadontho ta malovu n'kutenga matenda. Wosalandira mankhwala sapulumuka.

Guy de Chauliac, dokotala wa Papa Clement VI ku Avignon, anaona kusiyanaku ndi maso. Analemba kuti miyezi iwiri yoyambirira anthu ankalavula magazi n'kufa pasanathe masiku atatu, ndipo pambuyo pake panabwera matenda a zotupa opha m'masiku asanu. Iye mwini anadwala zotupazo n'kuchira. Njira ya m'mapapo imafotokoza chifukwa chake mliri sunaleke m'nyengo yozizira, pamene nthata zimafooka: anthu ankaunjikana m'chipinda chimodzi pothawa chisanu.

Bakiteriyayu alinso ndi zida. Akangomva kutentha kwa thupi la munthu amadzikuta ndi chikuto chimene chimalepheretsa asilikali a m'thupi kumumeza, ndipo amabaya asilikaliwo ndi mapuloteni amene amawafooketsa. Alinso ndi puloteni ina yosungunula magazi oundana, moti thupi likayesa kumutsekera pabala amaboola n'kupitirira. Thupi likamadzadzidzimuka, iye amakhala atachuluka kale. Ku Ulaya mliri wotere unali utatha zaka pafupifupi 600 usanaonekenso, kuchokera pamene mliri umene unayamba mu 541 m'nthawi ya mfumu Justinian unazilala cha m'ma 750. Panalibe munthu wamoyo amene thupi lake linaudziwa.

Koma bakiteriya yekha safotokoza zonse, ndipo mbali iyi mabuku a sukulu amaidumpha. Kuyambira 1315 mpaka 1317 mvula yosalekeza inaoletsa mbewu kumpoto kwa Ulaya, ndipo kunagwa njala yoopsa. Mu 1319 ndi 1320 matenda a ng'ombe anapha ng'ombe zoposa theka ku England, mkaka ndi ng'ombe zolimira n'kusowa kwa zaka zambiri. Ana amene anakula m'njala imeneyo ndiwo anali akuluakulu a zaka 30 ndi mphambu pamene mliri unkafika. Mafupa ofukulidwa pa manda a East Smithfield ku London, amene anatsegulidwa chifukwa cha mliri womwewu, akuonetsa kuti anthu amene anali ndi zipsera za njala ndi matenda a paubwana ankafa kwambiri kuposa anzawo. Mliriwu unapha olemera ndi osauka, zoona, koma unayambira pa ofooka.

Onjezanipo kakhalidwe ka m'nyumba: denga la udzu, tirigu wosungidwa m'nyumba yogonamo, mabedi a udzu ogonapo anthu angapo, zovala zaubweya zosachapidwa kawirikawiri. Ndipo nyumba yonse ikadwala pamodzi, amene akanachira ankafa ndi ludzu posowa womutungira madzi. Osamalira odwala ndiwo ankatsatira. Ku England, mabuku a mabishopu akuonetsa kuti m'madayosizi ena munafa ansembe oposa 40 pa 100 alionse. Canterbury inataya maakibishopu awiri m'chaka chimodzi cha 1349, ndipo mu Januwale chaka chomwecho bishopu wa Bath ndi Wells analola kuti wodwala wosowa wansembe aulule machimo kwa Mkhristu wamba, ngakhale wamkazi. Ku Siena, munthu wina wolemba mbiri ya mzindawo, Agnolo di Tura, anaika ana ake asanu m'manda ndi manja ake. Ulaya yense anali ndi anthu pafupifupi 80 miliyoni, ndipo akatswiri amayerekezera kuti anafa anali pakati pa 25 miliyoni ndi 50 miliyoni.

Funso lochokera kwa wowerenga wa ku Chipata: Ndinawerenga pa Facebook kuti makoswe ankangowanamizira, ndiponso kuti mliri unakula chifukwa tchalitchi chinalamula kupha amphaka. Zoona zake n'ziti?

Yankho: Bambo, za amphakazo zisiyeni. Palibe umboni wakuti amphaka anaphedwa mwaunyinji ku Ulaya konse mliri usanafike, ndipo mliriwu unapha anthu ochuluka chimodzimodzi ku Cairo ndi ku Damascus kumene amphaka ankakondedwa. Mphaka nayenso amadwala matendawa, ndipo amatha kupatsira mwini wake.

Za makoswe ndi mkangano weniweni wa akatswiri. Mliri utabuka ku India m'ma 1890 anthu ankaona makoswe akufa paliponse, ndipo ku Karachi mu 1898 Paul-Louis Simond anaonetsa kuti nthata ndiyo mlatho pakati pa khoswe wodwala ndi wamoyo. Koma olemba mbiri a ku Ulaya a mu 1348 satchula kawirikawiri za makoswe akufa, ndipo mliri wawo unathamanga kuposa wa ku India. Mu 2018 ofufuza a ku Oslo ndi anzawo anasanthula ziwerengero za maliro a miliri isanu ndi inayi ya ku Ulaya, napeza kuti isanu ndi iwiri ikugwirizana bwino ndi kufala kudzera mwa nsabwe ndi nthata za anthu. Ife tikuona kuti mbali zonse zili ndi gawo lake la choonadi. Makoswe ndi nthata zawo ndiwo ankaolotsa matenda m'zombo ndi m'matumba a tirigu. Akalowa m'nyumba zothithikana, nsabwe za m'zovala ndi chifuwa zinkatha kupitiriza ntchitoyo. Pa za bakiteriya mwini palibenso mkangano, pakuti mu 2011 DNA yake inawerengedwa kuchokera m'mano a anthu a pa manda a ku London aja.

Funso lochokera kwa mayi wa ku Lilongwe: Kodi madokotala ndi atsogoleri a nthawi imeneyo anangokhala manja lende?

Yankho: Ayi mayi, anayesetsa, koma ankalimbana ndi mdani wolakwika. Mu Okutobala 1348 madokotala a pa yunivesite ya Paris anapereka lipoti kwa mfumu Philip VI. Anati gwero la mliri linali kukumana kwa mapulaneti a Saturn, Jupiter ndi Mars mu Malichi 1345, kumene kunaipitsa mpweya. Munthu akakhulupirira kuti vuto ndi mpweya woipa, amatseka mawindo, amafukiza zonunkhira, amapewa kusamba poopa kuti khungu litseguka. Zonsezi nthata ndi nsabwe sizizimva. Odwala ankawachotsa magazi, zimene zinkangofooketsa munthu wofooka kale, ndipo wong'amba chotupa ankadzipaka mafinya odzaza ndi mabakiteriya. Maulendo a mapemphero ankasonkhanitsa odwala ndi amoyo malo amodzi. Magulu a anthu odzikwapula poyera ankayenda mzinda ndi mzinda mpaka Papa anawaletsa mu Okutobala 1349.

Choipitsitsa chinali kufunafuna munthu womuloza chala. Kunabuka bodza lakuti Ayuda athira poizoni m'zitsime, ndipo ena anazunzidwa mpaka kuvomera zimene sanachite. Papa Clement VI analemba makalata mu 1348 oletsa nkhanzazi, akukumbutsa anthu kuti Ayuda nawonso akufa ndi mliri womwewo. Sanamumvere. Ku Basel anawotcha Ayuda mu Januwale 1349. Ku Strasbourg, pa 14 Febuluwale 1349, anawotcha mazanamazana mliri usanafike n'komwe mumzindawo, ngongole zimene anthu anali nazo kwa iwo n'kufafanizidwa. N'zomvetsa chisoni kwambiri, ndipo palibe moyo ndi umodzi womwe umene unapulumuka chifukwa cha zimenezo.

Panali ena amene anayang'ana zimene zinkachitikadi. Mu Meyi 1348 akuluakulu a mzinda wa Pistoia ku Italy analetsa maulendo a ku Pisa ndi Lucca, analetsa kulowetsa nsalu ndi zovala zakale, zimene ife tingati kaunjika, ndipo analamula kuya kwa manda ndi chiwerengero cha opita kumaliro. Sankadziwa za nthata, koma lamulo la zovala linalasa pamalo. Ku Milan akuti nyumba zoyamba kugwidwa anazitseka ndi njerwa odwala ali momwemo. Inali nkhanza, koma mzindawo unataya anthu ochepa poyerekeza ndi Florence kumene kunafa theka kapena kuposa. Phunziro lenileni linadza mochedwa, mliri utabweranso mu 1361 ndi zaka zotsatira. Mu 1377 mzinda wa Ragusa, umene lero ndi Dubrovnik, unalamula kuti ochokera kumalo a mliri ayambe akhala kwaokha masiku 30 asanalowe. Mizinda ina inadzakweza masikuwo kufika 40, ndipo mu 1423 Venice inapatula chilumba chosungirako odwala. Bwererani ku masiku amene tawerengera aphunzitsi a ku Dedza aja: masiku 30 kapena 40 ndi okwanira kuti matenda obisika m'chombo aonekere chombocho chisanatsitse katundu.

Funso lochokera kwa mlimi, Nsanje: Akuluakulu kuno amakumbukira matenda a makoswe. Kodi ndi omwewo? Nanga ife okumba mbewa tili pangozi?

Yankho: Ndi omwewo bambo, bakiteriya wake ndi yemweyo. Anabuka ku Nsanje mu 2002, kutsidya ku Mutarara m'dziko la Mozambique mu 1994, ndi ku Nyimba m'dziko la Zambia mu 2015. Ku Madagascar mu 2017 anadwalitsa anthu oposa 2,000 ndi kupha oposa 200, ambiri mwa njira ya m'mapapo. Kusiyana kwake n'kwakuti lero mankhwala alipo. Maantibayotiki monga gentamicin, doxycycline ndi ciprofloxacin amachiza, bola ayambidwe msanga. Pa matenda a m'mapapo, msanga wake ndi maola 24 chiyambireni zizindikiro.

Chenjezo loyamba ndi makoswe kapena mbewa zofa zokha zambiri, m'nyumba, m'nkhokwe kapena kumunda, popanda amene wathira mankhwala. Mukaona zimenezo uzani alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo. Musatole ndi manja, ndipo ana asaseweretse. Kankhirani ndi fosholo m'dzenje n'kukwirira.

Cholakwa chachikulu chimene anthu amachita ndi kuthamangira mankhwala a makoswe. Mukapha makoswe nthata zili zamoyo, mwazilanda chakudya, ndipo usiku womwewo zisamukira pa inu. Dongosolo lake ndi ili: poyamba azaumoyo athire mankhwala opha nthata pansi, m'mphepete mwa zipupa, m'mauna ndi mogona agalu ndi amphaka. Nthata zikatha m'pamene mutchere misampha. Chimanga chisagone chipinda chimodzi ndi anthu, nkhokwe ikhale potalikirako ndi nyumba, ndipo pa miyendo yake muzikepo malata oti khoswe asakwere. M'nyengo ya matenda, wogona pamphasa pansi ndiye woyamba kulumidwa, choncho kwezani pogona, muyambe ndi pa ana.

Pa mbewa, ngozi ili pokumba ndi ponyamula. Una uli ndi nthata, ndipo mbewa ikafa n'kuyamba kuzizira nthata zake zimadumphira pa dzanja kapena pa thumba. Magazi a nyama yodwala akalowa pa bala potumbula amapatsiranso. Mbewa yopezeka yofa kale, kapena yoyenda mwaulesi masana, isiyeni. Kukamveka kuti matendawa abuka m'dera lanu, kukumba kuyambe kwaima.

Munthu akatentha thupi mwadzidzidzi n'kutuluka mwanabere wopweteka kwambiri pasanathe masiku 7 chilumidwireni ndi nthata kapena chigwirireni nyama yotere, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Poyamba matendawa amafanana ndi malungo, ndiye muwauze adokotala za makoswe ofawo musanafunsidwe, makamaka ngati kuyeza malungo sikunapeze kanthu. Chotupacho musachifinye, musatemepo mphini. Wodwala akayamba kutsokomola, makamaka makhololo a magazi, avale chotchinga pakamwa ndi pamphuno, ena atalikire mamita awiri, ndipo womusamalira akhale mmodzi, nayenso atavala chotchinga. Onse amene anamuyandikira alembedwe maina kuchipatala, chifukwa amayenera kumwa mankhwala oteteza kwa masiku 7. Zikavuta munthu n'kumwalira, thupi lisasambitsidwe ndi abale kunyumba. Azaumoyo ndiwo alikonze, ndipo zofunda ndi zovala za malemu zisagawidwe zisanathiridwe mankhwala kapena kuwiritsidwa m'madzi otentha.